Chaka Chimene Galimoto ya Mfumu Inaphunzira Kumwa

Kuseri kwa mapiri amene ojambula mapu anatopa asanafikeko kuli dziko lotchedwa Zidzatheka. Ndi dziko la anthu aulemu, odziwa kudikira. Mukafunsa za mlatho amakuuzani kuti udzatheka, mukafunsa za mankhwala kuchipatala nawonso adzatheka. Nyumba ya mfumu ili pamwamba pa phiri la Kwezekani, ndipo msika waukulu wa Pirirani uli m'munsi mwake, kotero kuti chochokera kwa mfumu chimatsika chokha, pamene chochokera kwa anthu chimakwera mwawefuwefu.

Pa nthawi ya nkhani yathuyi pampando panali Mfumu Ndamvakale Wachiwiri. Dzinali silinabwere mwangozi. Munthu akangoyasamula kuti anene kanthu, mfumu inkakweza dzanja n'kuti, "Ndamva kale," nkhani n'kuthera pomwepo. Anthu ena anapatsidwa minda mwanjira imeneyi, ena anamangidwa, pamene onsewo ankangofuna kupereka moni.

Woyendetsa galimoto ya mfumu anali a Lufeyo Kamtsitsi, bambo wamfupi, wa kamimba kotsogola, wonyadira ntchito yawo. Kunena zoona, chimene ankanyadira kwenikweni chinali chipewa choyera cha dalaivala wa mfumu, cha kachingwe konyezimira pamphumi. Akachivala ankatalika, ndipo ngakhale apolisi ankawapatsa sawatcha.

Pansi pano a Kamtsitsi ankaopa anthu awiri, mfumu ndi akazi awo a Nangozo. Iwo anali mkamwini: nyumba, bwalo ndi mitengo ya mango, zonse zinali pamalo a kwawo kwa mkazi. Ali mnyamata ankamwa kachasu ngati wachita kutumidwa, mpaka tsiku lina anapezeka atagona m'khola la nkhumba za apongozi awo, atakumbatira imodzi n'kumaitchula dzina la mkazi wawo. Nkhaniyo inafika kwa ankhoswe. Pamaso pa ankhoswe a mbali zonse, a Nangozo ananena kuti tsiku limene kachasu adzakhudzenso lilime la amuna awo, katundu wawo adzamupeza panja, ndipo sipadzakhalanso zokambirana. Zaka zinadutsa, ana anakula, koma lamulolo silinakalambe. Madzulo alionse a Nangozo ankawachingamira pakhomo n'kuti, "Tapumani," iwo n'kupuma, kenako n'kulandiridwa bwino ndithu. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ndipo tisanamizane, a Kamtsitsi ankawakonda kwambiri akazi awowo. Ankadziwa kuti popanda iwo bwenzi akadali m'khola muja.

Mavuto anayamba mfumu itabwerako kutsidya kwa nyanja, kumene mafumu anasonkhana kukambirana za utsi. Inapita pa ndege yake, nduna zitadzaza ndege ina, kukamva kuti utsi ndi woipa. Itangotsika inaitanitsa bwalo.

"Anthu anga," inatero mfumu, "thambo labooka. Labooka ndi utsi wa galimoto, ndaona ndekha pachithunzi. Kuyambira lero m'Zidzatheka muno petulo ndi dizilo ndawathetsa."

Nduna zinawomba m'manja mpaka zikhatho kufiira. Panalibe wokumbutsa mfumu kuti petuloyo anali atadzithetsa yekha kalekale. Pamalo omwetsera mafuta galimoto zinali zitaima pamzere nthawi yaitali moti nkhuku zinkaikira mazira m'mipando, ndipo banja lina linali litayangitsa maungu padenga la minibasi.

Funso linatsala lakuti galimoto zizimwa chiyani tsopano. Nduna ina inatchula zoyendera magetsi, koma inakhala pansi yokha itakumbukira kuti magetsi a m'Zidzatheka amafika osaodira n'kuchoka osatsanzika. Ina inatchula mpweya wa ndowe. Apa bwalo linazizira, poti ng'ombe zambiri zinali za nduna zomwezo, ndipo panalibe wofuna kuti boma liyambe kulondola zotuluka kumbuyo kwa ng'ombe, kuopa lingafike pofunsa kumene ng'ombezo zinachokera. Wina wakumapeto, amene anali asanazolowere unduna, anatchula njinga. Pamenepo anaimirira a Nyambitani, Nduna ya Utsi ndi Matayala, munthu wa mawu osalala amene sanagwepo pa nkhani iliyonse. Anati njinga si ukhondo koma umphawi, ndipo alendo akadzapeza mfumu ikupalasa adzatipatsa chimanga m'malo mwa mendulo.

"Wamkulukulu," anapitiriza a Nyambitani, "kumene tinapita kuja ndinaona galimoto zikumwa mowa wa nzimbe, zosatulutsa utsi wakuda. Nanga ife tikusowa chiyani? M'mudzi uliwonse muli chitsime cha mafuta, amangotayikira m'mimba mwa anthu. Ndikunena kachasu."

"Ndamva kale," inatero mfumu, ndipo linakhala lamulo. Kachasu anasanduka mafuta a dziko. Anakonza kuti galimoto ya mfumu ndiyo idzayambe kumwa, pa mwambo waukulu, pamaso pa alendo akunja amene amayenda m'maiko kuveka mendulo mafumu osadetsa thambo.

Bwalo lili pafupi kubalalika, anatsokomola Wosunga Miyambo, nkhalamba imene aliyense ankaiyesa kuti ili m'tulo. Inakumbutsa bwalo za mwambo wa kuchotsa ufiti. M'Zidzatheka chakumwa chilichonse chopita kwa mfumu, aliyense amene chadutsa m'manja mwake amayamba walawa, kuti ngati muli chiphe afe ndi iyeyo. Womaliza, amene amathira m'chikho cha mfumu, amalawa pamaso pa anthu onse n'kunena mokweza chimene wamwa. Ndipo galimoto ya mfumu, inatero nkhalambayo, ndi mfumu yomwe. Petulo yekha ndiye anakhululukidwa kuyambira nthawi ya bambo ake a mfumu, pamene nduna ina yokhulupirika inamulawa kenako n'kuyatsa fodya. Koma kachasu ndi chakumwa, ayenera kulawidwa.

Simunaonepo nduna zikukonda mwambo ngati tsiku limenelo. Ina inagwetsa misozi ponena za makolo. Ina inadzipereka kufera mfumu ngakhale kawiri. A Kamtsitsi, amene anaima chapakhomo ndi makiyi m'manja, ankamwetulira nawo, mpaka pamene anadzifunsa kuti kodi amathira mafuta m'thanki ya galimoto ya mfumu ndani. Kumwetulira kuja kunauma.

Lamulo linatsika phiri tsiku lomwelo. Kumsika wa Pirirani analilandira monga amalandirira malamulo onse, mitu ikuvomera, pakamwa pakugwira ntchito ina. Amayi otcheza kachasu, amene dzulo lake apolisi ankawaswera mbiya, anadzuka ali akatswiri a zamafuta, apolisi omwewo akuwalondera. Zidakwa zinasintha mayendedwe. Aliyense ankabwera ndi chigubu, nkhope ili yaulemu, n'kunena kuti galimoto waisiya kunyumba. Bambo wina amene analibe ngakhale wilibala ankamwetsa galimoto yake m'mawa, masana ndi madzulo, n'kumadandaula kuti ndi yakale, imamwa kwambiri. Minibasi zochepa zimene zinayesa mafuta atsopanowa osadikira mwambo wa mfumu zinkayenda ndi chigulu cha amuna pambuyo, mphuno zili ku paipi ya utsi. Wapolisi akaimitsa dalaivala wonunkha mowa, yankho linali lakuti si iye koma injini. A kabaza, onyamula anthu panjinga, ankangopalasa mwa masiku onse. Mmodzi wa iwo anati thambo iwo sanaliboolepo, chimene aboola ndi mathalauza okha.

A Kamtsitsi anatsikira kumsikako madzi atafika m'khosi. Anapita kwa Mayi Jenala, amene anasankhidwa kutcheza mgolo wa mfumu, n'kuima chapatali kumbali kumene mphepo inkachokera. Anapempha monong'ona kuti mgolowo aupepuze, ukhale ngati thobwa, poti galimoto ya mfumu sinamwepo chiyambire ndipo ikhoza kuchita chizungulire.

"A Kamtsitsi, mukufuna dzina langa life?" anatero Mayi Jenala. "Uyu ndi wamutu, woyamba kudontha. Galimoto ikamwa ameneyu idzaimba nyimbo za kwawo."

Anatapa pang'ono ndi chala n'kuwaza pamoto. Lawi lobiriwira linalumpha mpaka galu amene anagona pafupi anasamuka. A Kamtsitsi anathokoza n'kumapita.

Kunyumba nkhani inali itafika kale, monga zimakhalira ndi nkhani za kumsika. Anapeza a Nangozo akusenda mtedza pakhonde. Atapuma mwa nthawi zonse, anakhala pansi n'kuyamba kufotokoza. Anati chinthucho si mowa koma mafuta, komanso si kumwa koma mwambo. Anati ndi kadontho chabe konyowetsa lilime, ndiponso ndi ntchito ya boma, yoteteza thambo limene adzukulu awo adzakhale pansi pake. Analankhula bwino kwambiri moti anayamba kudzikhulupirira okha.

"Bambo a Mwatitha," anatero a Nangozo osadzutsa mutu, "pamaso pa ankhoswe paja ndinati kachasu wa boma yekha ndiye muzimwa?"

"Ayi, simunatero."

"Basi. Mukamwa mafuta ndiye kuti ndinu galimoto. Galimoto imagona panja."

Anawonjezera kuti pa tsikulo adzakhalapo, m'gulu la amayi ovina, mzere wakutsogolo, kuti asadzachite kumva kwa anthu.

M'mawa mwake a Kamtsitsi anakagwada kwa a Nyambitani, kunena kuti ali ndi zilonda za m'mimba ndipo adokotala anawaletsa zowawa zonse. Nduna inawamvetsera mwachifundo, kenako inawauza kuti wokana kuchotsa ufiti, mfitiyo ndi iyeyo. Munthu wofuna kulodza galimoto ya mfumu amavulidwa chipewa pomwepo n'kukalima kundende. Anayesa kupempha kuti alawe wina m'malo mwawo. Odzipereka anapezeka ambiri, mpaka kukanganirana pakhomo, koma Wosunga Miyambo anakana, nati wothira ndi wothira. A Kamtsitsi anaonda m'masiku amenewo. Akaganiza za chipewa ankaona nkhope ya a Nangozo, akaganiza za a Nangozo ankamva mphepo pamutu. Paja mapanga awiri avumbwitsa.

Tsiku la mwambo anadzuka n'kupeza akazi awo akutulutsa katundu. Sutikesi inali kale pansi pa mtengo wa mango, pamodzi ndi wailesi, nsapato za kutchalitchi ndi mpando wawo wandalema. Atafunsa, a Nangozo anayankha mofatsa kuti akuchepetsa ntchito ya madzulo. Maso awo anali ofiira ngati a munthu amene sanagone, koma a Kamtsitsi sanayerekeze kufunsa za masowo. Anavala chipewa n'kukwera phiri, mtima uli m'mwamba.

Kubwalo la mfumu kunali kokongola kosaneneka. Munthu wina anali atatsina khutu nduna kuti alendo aja amakonda zobiriwira, ndiye zonse zinapakidwa penti wobiriwira: mipando, miyala, nsapato za asilikali, ngakhale mbuzi ziwiri zimene zinachedwa kuthawa. Galimoto ya mfumu anaimangirira masamba a nthochi, n'kuiimika pamwamba pa msewu wotsikira kumsika. Alendo anakhala pamthunzi ndi mendulo yawo m'kabokosi, akudzipepesa ndi mapepala. Amayi anavina mpaka fumbi kukwera. Chosowa chinali mgolo wa mafuta.

Mgolowo unanyamuka kwa Mayi Jenala mbandakucha, pa ngolo ya abulu. Kuchokera kumsika kukafika kwa mfumu ndi mtunda woti mayi wobereka mwana amafika mwanayo asanadzuke. Koma mwambo ndi mwambo. Mgolo unayenera kudutsa kwa wapampando wa msika, kupolisi, kwa oyeza masikelo, kwa asilikali, kwa a kasitomu ngakhale sunadumphe malire alionse, kenako kwa nduna iliyonse payokhapayokha. Maofesi amene anali okhoma kwa zaka anatsegulidwa tsiku limenelo. Mgolowo unafika dzuwa litapendeka, uli wodzaza mpaka pakamwa, ndipo wolengeza anauza alendo kuti umenewu ndi umboni wakuti m'Zidzatheka mulibe wakuba.

Operekeza mgolowo ndiwo anafika mosiyana ndi mmene ananyamukira. Mkulu wa apolisi anapereka sawatcha kwa mtengo wa mango, n'kuima nji kudikira kuti ubweze. Nduna ya Maphunziro ndi Nduna ya Nkhondo, amene sankalankhulana chiyambire, anabwera atakolekana m'khosi akutchulana achimwene. Oimba malipenga anayamba nyimbo ya fuko, atafika pakati n'kuyambiranso, chifukwa panalibe wokumbukira kumene imathera. A Nyambitani analankhula atakumbatira mtengo wa chimkuzamawu. Anathokoza thambo, anathokoza nzimbe, anathokoza amayi awo owabereka, kenako anapepesa kwa aliyense amene anamulakwira chaka chatha. Alendo analemba zonsezi, poganiza kuti ndi chikhalidwe.

Ndiye inafika nthawi ija. Wosunga Miyambo anatunga m'mgolo ndi chipanda n'kupatsira a Kamtsitsi. Ng'oma zinaleka. Kutsogolo kwa amayi ovina kunaima a Nangozo, manja atapinda pachifuwa. A Kamtsitsi anayang'ana chipandacho, thukuta lili kamukamu pansi pa chipewa. Anaganiza zothawa, koma asilikali anali ponseponse, ngakhale ambiri anali atatsamira mfuti zawo. Anatsinzina, anapepesa mumtima kwa ankhoswe amoyo ndi akufa, n'kumwa.

Anadikira moto uja ankaudziwa kale, wotsika pakhosi ngati khala. Sunabwere. Anamwanso kachiwiri kuti atsimikize. Anali madzi, madzi a pamjigo, ozizira bwino, a kafungo ka dzimbiri. Kachasu anali atangodutsamo ngati mphekesera. Pamenepo anamvetsa chifukwa chake mgolo unafika wodzaza: ofesi iliyonse inkachotsa ufiti mokwanira, kenako n'kuthiramo madzi kuti ofesi yotsatira isaone kuchepa. Ufiti unachotsedwa wonse, pamodzi ndi mafuta omwe.

Chimwemwe chimene a Kamtsitsi anamva sichinenedwa. Lilime lawo linali loyera, banja lawo linali lilipo. Koma chimwemwecho sichinakhalitse, chifukwa Wosunga Miyambo anagogoda ndodo pansi n'kuti, "Nenani chimene mwamwa, anthu amve."

A Nyambitani anasendera pafupi, mpweya wawo woti ungayatse nyali, n'kunong'ona kuti, "Nenani kuti ndi wamutu."

Apa ndiye panali pothina. Akanena kuti ndi kachasu, nduna zonse zipulumuka, chipewa chikhala, koma a Nangozo amva ndi makutu awo amuna awo akuvomera pagulu kuti amwa, ndipo palibe kulumbira kumene kungadzafafanize mawu amenewo. Akanena kuti ndi madzi, ndiye kuti aloza chala boma lonse pamaso pa alendo. Chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti akanathamangitsidwa pakhomo chifukwa cha kachasu amene anamwa anthu ena, iwo osamva n'kukoma kwake komwe. Anayang'ana mfumu. Anayang'ana akazi awo. Si kuti anali munthu wolimba mtima, ayi, anangoyeza mantha awiriwo n'kuona olemera.

"Madzi," anatero chapansipansi.

Wosunga Miyambo anaika dzanja kukhutu n'kuwauza kuti akweze mawu. A Kamtsitsi anatembenuka, kufulatira mpando wa mfumu, n'kuyang'ana mzere wa amayi.

"Ndamwa madzi. Madzi enieni a pamjigo."

Nduna zingapo zinatsitsimuka nthawi yomweyo. Pamenepo a Nangozo anatuluka pamzere, anadutsa pamkeka wofiira umene amapondapo mfumu yokha, n'kukaima pamaso pa amuna awo. Anawauza kuti apume. A Kamtsitsi anapuma. A Nangozo ananunkhiza mosafulumira, anagwedeza mutu kamodzi, n'kubwerera pamalo pawo.

Mukuganiza kuti nduna zinachita manyazi? Ndiye kuti Zidzatheka simukulidziwa. A Nyambitani anagwiranso mtengo wa chimkuzamawu, n'kuseka ngati munthu amene chinsinsi chake chokoma chaululika msanga. Anauza alendo kuti zimene amvazo ndi zoona. Kachasu anali chiyambi chabe. Akatswiri a unduna wawo, pogwira ntchito tsiku lonse kuchokera kumsika mpaka pano, akwanitsa kuchotsa mowa wonse m'mafuta, ndipo dziko la Zidzatheka ndilo loyamba pansi pano kukhala ndi galimoto yoyendera madzi. Anatembenukira kwa mfumu kuti afotokoze bwino.

"Ndamva kale," inatero mfumu, ndipo nthungululu zinaphulika.

A Kamtsitsi anathira madziwo m'thanki monga anauzidwira. Mfumu inalowa n'kukhala kumbuyo. Anapotokola kiyi. Injini inatsokomola kamodzi, inaganizaganiza, n'kukhala chete. Anapotokolanso, koma sinayankhe n'komwe. Mwamwayi nduna zinali zitatopa kuima, ndipo pofuna potsamira zonse zinatsamira kumbuyo kwa galimoto nthawi imodzi. Galimoto inasuntha, nduna zinagwa mulu, ndipo mfumu inayamba kutsika phiri la Kwezekani.

Kunena chilungamo, palibe galimoto inayendapo mwaukhondo ngati imeneyo. Panalibe utsi, panalibe phokoso, kunkangomveka masamba a nthochi akupepereka. Alendo anathamanga pambuyo ndi kabokosi ka mendulo. Mfumu inkabayibitsa anthu pawindo, osadziwa kuti kutsogolo dalaivala wake waimirira pa buleki ndi miyendo yonse iwiri, akupemphera m'zilankhulo zimene sanaphunzirepo. Anazemba ngolo, anazemba nkhosa, anapyola pakati pa anthu obwera kumaliro, mpaka msewu unafika pathyathyathya. Galimoto inayenda pang'onopang'ono n'kukaima pakati pa msika wa Pirirani, mbali ino tomato, mbali inayo matumba a makala.

Anthu a mumsika anaizungulira mwaulemu. Mayi wina wogulitsa tomato anati aka n'koyamba mfumu kufika pamsika popanda munthu kukwapulidwa kuti apatuke. Mnzake anati galimotoyo ndi yamakhalidwe, imafika mwakachetechete ngati njala. Alendo anafika ali wefuwefu, anaveka mfumu mendulo kudzera pawindo, anajambula zithunzi mosamala kuti makala asaoneke, n'kuthamangira ndege yawo.

Kenako mfumu inati ikufuna kubwerera kunyumba. A Kamtsitsi anapotokola kiyi, koma galimoto inali itanena kale mawu ake omaliza. Phiri linali pomwepo, likuyang'ana. Posakhalitsa anatulukira a Nyambitani, atakwezedwa pa kabaza, atagwira wopalasayo m'chiuno. Atatsika anazungulira galimoto, anagogoda tayala, n'kupereka chigamulo. Galimoto inalibe vuto, madzi analibe vuto. Vuto linali dalaivala, munthu wachikale wa manja a petulo, amenenso anaulula chinsinsi cha boma nthawi yake isanakwane. A Kamtsitsi anatsegula pakamwa kuti adziteteze, koma dzanja la mfumu linali litakwera kale.

Anawavula chipewa pomwepo, pamaso pa ogulitsa tomato. Anachiveka mphwake wa a Nyambitani, amene anali asanayendetsepo galimoto, koma zimenezo sizinadetse nkhawa aliyense poti galimotoyo sinkafunanso kuyendetsedwa. Ndipo panatuluka lamulo latsopano, lakuti potsika galimoto ziziyendera madzi, pokwera ziziyendera mphamvu ya anthu, imene ndi mafuta aukhondo kuposa onse chifukwa imangotulutsa thukuta. Msika wonse unaitanidwa kudzathira mafuta. A Kamtsitsi anawaika pakati penipeni, kumbuyo, phewa pa galimoto imene anaipukuta zaka zonse zija.

Anakankha. Dzuwa linawawotcha pa dazi limene anthu ambiri anali asanalionepo, ndipo ana ankaloza. Zinawawawa, tisabise. Munthu amene apolisi ankamupatsa sawatcha m'mawa, madzulo ake anali kukankha pakati pa wogulitsa makala ndi chidakwa chimene chinkafunsa ngati pamwamba patsalako kolawa. Misozi ina inatsika pamodzi ndi thukuta, ndipo anayamika kuti panalibe wotha kusiyanitsa.

Anafika kunyumba dzuwa likulowa, msana ukuwawa, mutu uli pamtunda. Pansi pa mtengo wa mango panalibe sutikesi, panalibe wailesi, panalibe nsapato. Anaganiza kuti mwina katunduyo watumizidwa kale kwawo. Kenako anaona a Nangozo akulimbana ndi mpando wandalema pakhomo, kuulowetsa m'nyumba chammbali. Atawaona amuna awo, a Nangozo anati zinthuzi amangoziyanika, m'nyumba munalowa chinyezi.

A Kamtsitsi anaima pabwalo, manja ali lende, osadziwa poyambira.

"Anangozo, ntchito yatha. Chipewa andilanda."

A Nangozo anatsamiritsa mpando pachitseko n'kuwayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kudazi.

"Mutu akusiyirani?"

"Andisiyira."

"Ndiye lowani nawo m'nyumba, madzi osamba akuzizira."